Nambala ya Hb imachokera kuti? Mbiri ya kuyeza magazi ndi kuwala

Mayi woyembekezera wa ku Msakambewa akapita kusikelo n'kubayidwa chala, m'buku lake la kuchipatala mumalembedwa nambala imodzi, mwina Hb 10.4, mwina Hb 6.8. Nambala imeneyi ndiyo imagamula ngati mayiyo abwerere kwawo ndi mapilitsi owonjezera magazi kapena atumizidwe kuchipatala chachikulu pa boma la Dowa. Kwa mwana amene wafooka ndi malungo, nambala yomweyo imagamula ngati athiridwe magazi lero kapena adikire. Azaumoyo ambiri amaikhulupirira ngati mmene amakhulupirira sikelo ya makilogalamu, koma ziwirizi sizifanana. Palibe makina amene amaika haemoglobin pa sikelo. Chimene makina amaona ndi kuwala kokha: kumene kwalowa m'magazi ndi kumene kwatulukira mbali inayo. Magalamu amabwera pambuyo, makinawo akayerekeza zimene aona ndi magazi ena amene mphamvu yake inadziwika kale.

Haemoglobin ndi puloteni ya m'maselo ofiira a magazi, ndipo ndiyo imanyamula mpweya wa okosijeni kupita nawo m'ziwalo. Pa mapuloteni onse a m'thupi, iyi ndiyo yosavuta kuiyeza ndi kuwala chifukwa ili ndi mtundu wakewake wofiira. N'chifukwa chake mbiri ya kuyeza mapuloteni ndi kuwala inayambira pa magazi. Mbali yaikulu ya mbiriyi inachitikira ku Ulaya ndi ku America, koma masamba ena analembedwa ku Ntcheu, ku Blantyre ndi ku Chikwawa.

Aliyense amene anasungunulapo Sobo amalidziwa lamulo limene makinawa amatsatira. Mukakhala madzi ambiri, chakumwacho chimambuwa. Mukakhala Sobo wambiri, mtundu umada. Ndipo Sobo yemweyo amaoneka wakuda kwambiri m'chidebe kuposa m'supuni, chifukwa kuwala kukudutsa mtunda wautali. Za mtundazi anazifotokoza Pierre Bouguer ku France mu 1729, ndipo Johann Heinrich Lambert anaziika m'masamu mu 1760. Anapeza kuti ngati sentimita imodzi ya madzi a mtundu yameza theka la kuwala, sentimita yachiwiri imameza theka la kuwala kotsalako, osati konse. Mu 1852 August Beer wa ku Bonn anawonjezera mbali yotsalayo: kuchulukitsa chinthu chosungunulidwacho kawiri kuli ngati kutalikitsa mtunda kawiri. Akatswiri a masamu anapeza njira yolembera kumezedwa kwa kuwalaku kuti kukwere molingana ndi kuchuluka kwa chinthucho, ndipo mlingo umenewu ndi umene m'malabotale umatchedwa absorbance. Haemoglobin ikawirikiza kawiri, absorbance nayo imawirikiza kawiri. Zonse zimene zikubwerazi zatsamira pamenepa.

Felix Hoppe-Seyler wa ku Tübingen ndiye anaona mu 1862 kuti magazi sameza kuwala konse mofanana. Amameza kwambiri kuwala kobiriwira ndi kwachikasu, n'kulola kofiira kudutsa. Mu 1864 chinthu chofiiracho anachitcha haemoglobin.

Nthawi ya maso

Lamulo linalipo, koma makina owerengera kuwala kunalibe. Kwa zaka zambiri chida chinali diso la dokotala. Mu 1878 William Gowers wa ku London anapanga machubu awiri, china chokhala ndi mtundu wokhazikika, china chothiramo magazi a wodwala. Dokotala ankadonthezera madzi m'magaziwo mpaka machubu onse awiri afanane, kenako n'kuwerenga pamene madziwo afika. Mu 1900 Theodor Tallqvist wa ku Finland anaphweketsa zinthu kwambiri: dontho la magazi pa pepala lomwa madzi, n'kuliyandikiza pa tchati cha mitundu yofiira yosindikizidwa m'kabuku. Mu 1901 John Scott Haldane anabweretsa njira yake, ndipo mu 1902 Hermann Sahli wa ku Bern anabweretsa imene inadzakhala nthawi yaitali kuposa zonse m'zipatala za kumadera otentha. Sahli ankathira magazi mu asidi wosungunula kwambiri kuti asanduke abulawuni, kenako n'kumadonthezera madzi mpaka afanane ndi galasi labulawuni la pambali pake.

Zida zimenezi sizinkafuna magetsi ndipo zinkalowa m'thumba la malaya, koma zinali ndi mavuto awiri. Loyamba ndi diso lenilenilo. Anthu awiri akayang'ana chubu chimodzi sagwirizana, ndipo munthu mmodzi yemweyo amaona mosiyana pawindo masana ndi pa nyali usiku. Lachiwiri linali lalikulu kuposa pamenepo. Zotsatira zinkalembedwa m'maperesenti, monga "Hb 60%", koma 100% ya wina sinali 100% ya mnzake. Kwa Haldane inkaimira magalamu 13.8 pa desilita. Kwa Sahli inkapitirira magalamu 17. Wodwala mmodzi akanatha kukhala ndi magazi okwanira pachipatala china n'kukhala wochepa magazi pachipatala chinzake tsiku lomwelo. Amene akuwerenga malipoti akale a zipatala za Nyasaland ayenera kusamala ndi maperesenti amenewa asanawayerekeze ndi manambala a lero.

Zida za m'badwo umenewu ndizo zinali m'manja mwa madokotala pamene boma la Britain linachita kafukufuku wa kadyedwe ku Nyasaland mu 1938 ndi 1939. Anatsogolera ndi Dr B. S. Platt, ndipo m'gulu lake munali Margaret Read, amene ankaphunzira za chikhalidwe cha Angoni. Anasankha midzi ya m'boma la Kota Kota, ina kumapiri a mbali ya Ntchisi, ina m'munsi mwa mapiri, ina kugombe la nyanja, n'kumayeza chakudya cha m'mabanja ndi matupi a anthu nyengo ndi nyengo. Nkhondo itayamba, lipoti lake silinasindikizidwe. Mapepala ake anadzatuluka mu 1992. Funso limene ankalondola, loti kodi anthu akufooka ndi njala kapena ndi matenda, ndi lomwelo limene ofufuza a ku Blantyre anadzalibwerera patatha zaka 60, ali ndi zida zabwinoko.

Mzere woyerekezera

Zinthu ziwiri zinasintha ntchitoyi m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Choyamba, kunabwera makina okhala ndi kadiso ka magetsi kowerenga kuwala m'malo mwa diso la munthu, ma colorimeter, kenako spectrophotometer ya Beckman mu 1941. Chachiwiri, David Drabkin ndi J. Harold Austin a ku University of Pennsylvania anathetsa vuto limene linkasokoneza aliyense. Haemoglobin m'magazi simakhala ya mtundu umodzi. Yonyamula okosijeni ndi yofiira kwambiri, imene yatula okosijeni ndi yoderako, ndipo pali mitundu ina yocheperako. Mtundu uliwonse umameza kuwala mwa njira yake. Mankhwala a Drabkin, amene muli potassium ferricyanide ndi potassium cyanide, amaphwanya maselo ofiira n'kusandutsa pafupifupi haemoglobin yonse kukhala chinthu chimodzi chosasinthasintha, cyanmethaemoglobin, chimene chimameza kwambiri kuwala kobiriwira kwa pa 540 nm. Mu 1961 E. J. van Kampen ndi W. G. Zijlstra a ku Netherlands anakonza mankhwalawo kuti azigwira ntchito m'mphindi zochepa, ndipo m'zaka za m'ma 1960 komiti ya padziko lonse yoona za miyezo ya magazi, ICSH, inavomereza njirayi kuti ikhale muyezo wa njira zina zonse. Kuyambira pamenepo maperesenti anatha, Hb inayamba kulembedwa m'magalamu, ndipo botolo la muyezo lochokera kumalo amodzi linkatha kutumizidwa ku labotale iliyonse padziko.

Mmene ntchitoyi imachitikira pa tebulo la labotale n'zofunika kuzimvetsa, ngakhale kwa amene sadzaigwira, chifukwa makina onse a lero amachita zomwezo mobisa.

Wogwira ntchito amatenga magazi okwana ma microlitre 20, osafika ngakhale theka la dontho, n'kuwathira m'mamililita 5 a mankhwala a Drabkin. Asanawerenge chilichonse amaika m'makina chubu chokhala ndi mankhwala okha opanda magazi, n'kuika makinawo pa ziro. Chubu chimenechi ndicho blank, ndipo ntchito yake n'kuchotsa kuwala kumene galasi ndi mankhwalawo amameza paokha. Kenako amawerenga machubu a muyezo, amene haemoglobin yake inadziwika kale. Pa spectrophotometer yabwino yokhala ndi chubu cha sentimita imodzi, muyezo woimira magalamu 5 umapereka absorbance ya 0.136, wa magalamu 10 umapereka 0.272, wa magalamu 15 umapereka 0.408. Manambalawa amaikidwa pa pepala la galafu, magalamu m'munsi, absorbance chokwera, ndipo madontho atatuwo amagwera pa mzere umodzi wowongoka wochokera pa ziro. Uwu ndiwo mzere woyerekezera, umene m'mabuku a labotale umatchedwa calibration curve. Magazi a wodwala akapereka absorbance ya 0.190, wogwira ntchito amayenda ndi chala kuchokera pa 0.190 mpaka akumane ndi mzerewo, n'kutsika pansi, n'kupeza magalamu 7.0. Amene amakonda masamu amangochulukitsa absorbance ndi 36.8, yankho ndi lomwelo.

Tsopano mwana wa zaka ziwiri wabwera m'nyengo ya mvula, manja ndi maso zayera. Absorbance yake yeniyeni ndi 0.109, kutanthauza Hb 4.0, pa malire penipeni pamene malangizo a WHO amati mwana athiridwe magazi: pansi pa 4, kapena pakati pa 4 ndi 6 ngati pali zizindikiro zoopsa monga kubanika. Ngati chubucho chili ndi zidindo za zala kapena chakalika, chimameza kuwala kwina pachokha. Kungowonjezera 0.03 kumafikitsa absorbance pa 0.139, ndipo mzere umati Hb 5.1. Makina sananame, awerenga kuwala kumene kwasowa, koma sadziwa kuti wameza ndani, haemoglobin kapena litsiro. Zomwezo zimachitika magazi akakhala ndi mafuta ambiri, maselo oyera ochuluka kwambiri, kapena maselo a sickle cell amene amavuta kuphwanyika: madziwo amachita chifunga ndipo Hb imaoneka yokwera. Wothira magazi akapitirira pang'ono, ma microlitre 22 m'malo mwa 20, zotsatira zimakwera ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Zolakwa zambiri za mtunduwu zimakankhira nambala m'mwamba, ndiye kuti wodwala amaoneka ngati ali bwinoko kuposa mmene alili.

Mzerewo ndi wa makina amodzi okha. Ujambulidwenso babu likasinthidwa, makina akakonzedwa, kapena botolo latsopano la mankhwala likatsegulidwa. Galafu yachikasu imene yakhala pakhoma la labotale zaka zisanu imangokongoletsa khomalo.

Mapuloteni ena alibe mtundu, choncho amayamba adayidwa. Njira ya biuret imagwiritsa ntchito mkuwa, umene umasandutsa puloteni kukhala yapepo, ndipo ndiyo imayeza puloteni yonse ya m'madzi a magazi. Njira ya Oliver Lowry ya mu 1951 imaona ngakhale puloteni yochepa kwambiri, ndipo nkhani imene anaifotokozamo ndi imodzi mwa zotchulidwa kwambiri m'mbiri yonse ya sayansi. Ya Marion Bradford ya mu 1976 imagwiritsa ntchito utoto wabuluu wowerengedwa pa 595 nm. Zonsezi zimadalira blank, miyezo ndi mzere, monga haemoglobin. Zimangowonjezera misampha iwiri: mzere wake umapindika puloteni ikachuluka, motero sikuloledwa kuutalikitsa kupitirira muyezo wotsiriza, ndipo muyezo wake nthawi zambiri umakhala albumin ya ng'ombe, imene simwa utoto mofanana ndi mapuloteni ena. Albumin ya mwana wotupikana ndi puloteni ya m'madzi a mumsana ya wodwala matenda oumitsa khosi zimayezedwa ndi njira za banja lomweli.

Kumene kulibe labotale

Njira ya Drabkin imafuna magetsi osazimazima, madzi oyera, zoyezera zolondola, botolo la muyezo losungidwa pozizira, ndi munthu wophunzira amene angasunge cyanide mosamala. Zipatala zambiri zazing'ono za kumidzi zinalibe chilichonse mwa izi. Kwa zaka zambiri, namwino wa kusikelo ankangotsitsa chikope cha mayi n'kuyang'ana, kapena kutembenuza chikhatho cha mwana. Njira imeneyi imagwira amene magazi awo atheratu, koma amene angoyamba kuchepa amaidutsa.

Mu 1995 G. J. Stott ndi S. M. Lewis anaukitsa ganizo la Tallqvist ndi inki ndi mapepala abwinoko. Tchati chawo, chimene WHO inachitenga n'kuchitcha Haemoglobin Colour Scale, chili ndi mitundu isanu ndi umodzi yoimira magalamu 4, 6, 8, 10, 12 ndi 14. Nachonso ndi mzere woyerekezera, kungoti madontho ake ndi osindikizidwa ndipo wowerenga ndi diso. Malawi linali limodzi mwa mayiko oyamba kuchiyesa kumidzi. Nynke van den Broek ndi anzake anachiyesa pa amayi oyembekezera m'zipatala za kumidzi za m'chigawo cha kummwera, ndipo zimene anasindikiza mu 1999 zinaonetsa kuti tchaticho chimaposa kuyang'ana m'zikope. Koma mtunda wa magalamu awiri pakati pa mtundu ndi mtundu ndi waukulu kwa munthu amene akufuna kusiyanitsa 4 ndi 5 kapena 6.5 ndi 7.5.

Panthawiyi kunali kutabwera kale kamakina ka ku Ängelholm m'dziko la Sweden, HemoCue, kamene kanayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1980. Luso lake lili mu kapulasitiki kotengera magazi, cuvette, kamene kamayamwa kokha mlingo woyenera ndipo mtunda wodutsa kuwala ndi wofanana nthawi zonse. M'makina a mtundu wa 201, mankhwala ouma a m'kati mwa cuvette amachita ntchito yofanana ndi ya Drabkin popanda cyanide. Kamakinako kamawerenga kuwala kawiri, pa 570 nm kuyeza haemoglobin ndi pa 880 nm kuyeza chifunga kuti chichotsedwe. Mtundu wa 301 ulibe mankhwala m'cuvette, ndipo unapangidwira malo otentha ndi achinyezi.

Funso loti Malawi asankhe chiyani linayankhidwa ku Ntcheu. Pachipatala cha boma kumeneko, ofufuza a pulojekiti yokonza ntchito za malabotale, mogwirizana ndi Imelda Bates wa ku Liverpool School of Tropical Medicine, anayerekeza njira zosiyanasiyana zoyezera Hb, kuyang'ana kulondola kwake, kuphweka kwake ndi mtengo wake. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2005. HemoCue inapambana pa zambiri kupatula chinthu chimodzi, mtengo. Cuvette iliyonse imagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndipo imagulidwa kunja. Aliyense amene anaonapo kamakinaka katangokhala m'kabati chifukwa ma cuvette atha akudziwa kuti chimodzicho sichinali chaching'ono.

Pali chinthu china chimene chinatayika pa kusinthaku, ndipo sichikambidwa kawirikawiri. Wogwira ntchito wa m'badwo wa Drabkin ankajambula mzere ndi dzanja lake, ndipo dontho likagwera kunja kwa mzere ankadziwa kuti pali cholakwika. Mu HemoCue mzerewo unajambulidwa kufakitale n'kutsekeredwa m'kati. Nambala imatuluka yoyera bwino, ndi kadontho kake, kaya cuvette inali yabwino kapena inamwa chinyezi. Njira yokha yodziwira ngati mzerewo ukadali woona ndi kuyeza magazi a control, amene Hb yake yalembedwa pa botolo, n'kuona ngati makina akugwirizana nawo. Chipatala chimene chimagula ma cuvette osagula control chagula theka la njirayo.

Kulondola kwa nambalayi ndiko kunatheketsa kafukufuku wina wofunika kwambiri m'mbiri ya umoyo wa ana ku Malawi. Pakati pa 2002 ndi 2004, Job Calis, Kamija Phiri ndi anzawo anatenga ana 381 amene Hb yawo inali pansi pa 5.0 ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi kuchipatala cha boma cha Chikwawa, n'kuwayerekeza ndi ana 757 amene analibe vutolo. Zimene anasindikiza mu New England Journal of Medicine mu 2008 zinadabwitsa ambiri. Kusowa kwa ayironi, kumene aliyense ankakuloza chala, sikunali kofala pakati pa ana odwalawo kuposa pakati pa anzawo. Zimene zinkayenda limodzi ndi kutheratu kwa magazi zinali mabakiteriya m'magazi, malungo, njoka zam'mimba zoyamwa magazi, HIV, kusowa kwa mavitamini A ndi B12, ndi vuto lobadwa nalo la G6PD. Nambala ya Hb imanena kuti magazi achepa. Chimene chawachepetsa siinena. Potsatira ana omwewa atatuluka m'chipatala, zinaoneka kuti ambiri amadwalanso kapena kumwalira m'miyezi yotsatira, ndipo kafukufuku wotsatira wa Phiri ndi ena anathandiza kuti mu 2022 WHO ivomereze kupereka mankhwala oteteza malungo kwa ana otere akabwerera kunyumba.

Manambala awiri a chaka chimodzi

Kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, MDHS, wakhala akuyeza Hb m'makomo ndi HemoCue. Mu 2004 anapeza kuti ana 73 pa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59 anali ochepa magazi. Mu 2010 anali 63, ndipo mu 2015-16 anali 63 omwewo. Koma mu 2015-16 munachitikanso kafukufuku wachiwiri, wa mavitamini ndi mchere wa m'thupi, m'madera ena mwa omwewo amene MDHS inapitamo. Ameneyu anapeza ana ochepa magazi pafupifupi atatu okha pa khumi aliwonse. Dziko limodzi, msinkhu umodzi, miyezi yoyandikana, koma nambala ina ndi theka la inzake.

Kusiyana koonekeratu kunali pa magazi amene analowa m'cuvette. MDHS inkatenga dontho la pachala kapena pachidendene. Kafukufuku winayo ankatenga magazi a mumtsempha. Mitundu ya makina nayonso sinali imodzi. Dontho la pachala limasinthasintha: chala chikafinyidwa, madzi a m'minofu amasakanikirana ndi magazi n'kuwasungunula, ndipo madontho awiri otsatizana a chala chimodzi amatha kusiyana ndi galamu yathunthu. Kwa ana amene ambiri Hb yawo ili pafupi ndi malire a 11.0, kutsika pang'ono kokha kumagwetsera khwimbi la ana kunsi kwa malirewo. Kusagwirizana kotereku kunaonekanso m'mayiko ena, ndipo malangizo atsopano a WHO a mu 2024 akuti magazi a mumtsempha owerengedwa ndi makina akuluakulu a labotale ndiwo oyenera kudaliridwa. Nkhaniyi si ya ofufuza okha. Pa manambala amenewa ndi pamene boma ndi mabungwe amaonera ngati ntchito ya maneti, mankhwala a njoka zam'mimba ndi zakudya zowonjezera ikupindula kapena ayi.

Kwa mlangizi wa zaumoyo kapena namwino amene ali ndi kamakina kokha ndi chala cha mwana, malangizo akale aja amapeza tanthauzo lake apa. Dzanja likhale lofunda, sipiriti aume kaye, kubaya kukhale kozama mokwanira kuti magazi atuluke okha popanda kukama chala. Madontho awiri kapena atatu oyamba apukutidwe. Cuvette idzazidwe kamodzi, osabwereza, ndipo ikakhala ndi kathovu ka mpweya itayidwe, chifukwa kuwala kumadutsa m'kathovuko osamezedwa ndipo Hb imaoneka yotsika. Botolo la ma cuvette a 201 likatsegulidwa limakhala miyezi itatu yokha, ndipo tsiku lotsegulira lilembedwe pa botolopo. Ma cuvette a 201 ndi a 301 sasinthanitsidwa. Nambala ikatsutsana ndi mmene wodwala akuonekera, mwana woyera manja ndi wobanika koma makina akuti 9, woyeza abwereze ndipo asachedwetse kutumiza mwanayo podikira kuti makina avomereze.

Ku Msakambewa kuli nkhani inanso imene ku Chikwawa kulibe. Malo ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali pakati pa mamita 1,000 ndi 1,500 pamwamba pa nyanja yaikulu. Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo thupi limapanga haemoglobin yochulukirapo kuti lipeze okosijeni yokwanira. Choncho Hb 11.5 ya ku Dowa si yofanana ndi Hb 11.5 ya ku Nsanje, ndipo nambala ya kumtunda imachotseredwa pang'ono isanayerekezedwe ndi malire. Makina sachita zimenezi okha. Sadziwa kuti ali paphiri. Malangizo a WHO a mu 2011 ankayambira kuchotsera pa mamita 1,000, ndipo pamenepo ankachotsa magalamu 0.2. A mu 2024 akuyambira pa mamita 500, ndipo pakati pa mamita 1,000 ndi 1,499 akuchotsa 0.8. Malangizo omwewa atsitsa malire a ana a miyezi 6 mpaka 23 kuchoka pa 11.0 kufika pa 10.5. Kwa amayi oyembekezera, malire ndi 11.0 m'miyezi itatu yoyamba ndi itatu yotsiriza, ndi 10.5 m'miyezi yapakati.

Mayi wa miyezi isanu ndi itatu amene makina amupatsa 11.5 kumapiri amenewa ankatsala ndi 11.3 powerengera mwakale, ndipo ankalembedwa kuti ali bwino. Powerengera mwatsopano akutsala ndi 10.7, ndipo ali m'gulu la ochepa magazi. Aliyense amene adzayerekeze malipoti a boma la Dowa a chaka cha 2016 ndi a zaka zikubwerazi adzayenera kufunsa kaye kuti magaziwo anali a pachala kapena a mumtsempha, makina anali 201 kapena 301, ndipo anachotsera 0.2 kapena 0.8.